Kachipinda ka a Natiyi

Inu a Wapampando a gulu lachifundo, munanama. Munauza mpingo kuti mayi amene anakhalapo manijala sangakhale wosowa, koma malemu a Natiyi anakutsutsani ndi moyo wawo.

Dzinalo analipatsidwa kuntchito. Anabadwa oyamba m'banja la ana asanu ndi atatu, sukulu analekezera panjira kuti alere ang'ono awo, koma pemphero la m'mawa sankaphonya. Zaka makumi atatu anaphika tiyi pakampani ina ya zovala, kutsuka makapu a anthu osayankha ndi moni womwe.

Atapuma pantchito, tsiku lina dzuwa lili paliwombo, anapeza manijala wawo wakale ali khale pabenchi la kumbuyo m'tchalitchi, jekete lositasita, chikwama pamiyendo.

"Abwana, ofesi yasamukira kuno?"

Mayiyo misozi inangoti mbwee. Anali atamuchotsa ntchito miyezi inayi m'mbuyomo, koma m'mawa uliwonse ankatchena n'kutuluka, kuopa pakamwa pa apongozi ndi anansi.

"Mwananga," anatero a Natiyi, "pakhomo pa Mulungu safunsa kalata ya ntchito."

Anapempha kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, anakasesa, n'kubweretsa ketulo yawo. Anayamba kubwera awiri, kenako khumi: mamanijala a m'masitolo, m'mahotela, onse ongokhala. Ankapemphera, kukonzerana makalata ofunsira ntchito, kubwerekana nsapato popita ku intavyu. Wobwera atakanidwa, a Natiyi ankamupatsira ketulo: "Lero muphike ndinu, abwana, muphunzireko ntchito yosatha." Wolirayo ankaseka.

A Natiyi atakupemphani thandizo, munati, "Amenewo anadya kale." Ena ankawanena kuti akutumikirabe owanyoza. Iwo sanabwezere. Ankangoti, "Wogwa kuchokera pamwamba amathyoka kwambiri, ndiponso amabisa." Zaka zisanu ndi zinayi ankayenda wapansi, miyendo yotupa, kukatsegula chitseko chimenecho.

Anatisiya Lachiwiri masana, mwamtendere, atangomaliza kupempherera mayi wina amene ankakayesedwa ntchito mawa lake. Mkono wawo unali m'manja mwa manijala wawo wakale uja. Amene anasambitsa thupi lawo anali mabwana okhaokha.

Sabata isanathe, inu munakhoma loko pachitseko. Amayi asanu ndi mmodzi sanapezebe ntchito, ndipo mmodzi, mwamuna wake sakudziwa mpaka lero kuti ntchito inatha. M'mawa kukacha alowere kuti? Lamulungu likubwerali muimirire pamaso pa mpingo, a Wapampando, mutiyankhe.