Mapepala Okulungira Nshawa

Ndikamva fungo la nshawa zokazinga, ndimakumbukira buku lomwe amai analing'amba.

Fakitale ya nsalu itachotsa atate ntchito, amai anayamba kugulitsa nshawa pa sitesheni ya sitima ku Kafue. Amai omwewo, amene kale ankachita manyazi ngakhale kupereka moni kwa alendo! Ankakulungira nshawazo m'mapepala a buku lakale la nkhani za kusukulu, ndipo ine ndinkawerenga pepala lililonse mothamanga lisanapite ndi wogula.

Papepala lina panali mkazi wolira pawindo, akudikira mwamuna wake. Pa lina panali mkazi wokalipira bwana wake pamaso pa anthu. Ine ndinkayesa ndi munthu mmodzi.

"Amai, uyu anasintha bwanji chonchi? Mpaka dzina lomwe!"

"Anavutika, basi," anandiyankha, n'kutembenukira kusitima. "Nshawa zotentha, ba kasitoma! Bwerani!"

Nditakula ndinalipeza bukulo lathunthu. Zinali nkhani ziwiri zosiyana. Mkazi woyamba anakalambira pawindo pomwepo, wachiwiri anali wolusa kuyambira tsamba loyamba. Palibe amene anasintha.

Mkazi amene ndinkamufunafuna m'mapepala aja ndi uja ankawang'amba.