Zilembo za pa Tayala

A Lyford Mvula anabadwira ku Katete, koma anakulira ku Bundabunda, kumene makolo awo anasamukira pofuna malo olima. Anzawo akamapita kusukulu, iwo ankalondola ng'ombe za amalume awo kudambo. Anakula ndi manja aluso. Goli likathyoka ankasema lina, njinga ikafa ankaidzutsa. Mvula itayamba kuvuta ndipo munda utaleka kudyetsa banja, anasiya akazi awo a Tisauke ndi mwana wawo Kondani pamudzi n'kukalowa ntchito ku Silverest, kufupi ndi Lusaka, kwa a Sanford Muleya, bambo wopuma pa ntchito. Kumudzi ankabwerera Loweruka lokha.

A Sanford anali ndi galimoto yakalekale yobiriwira, yamphuno yaitali, imene anasiyiridwa ndi malemu atate awo. Inkatuluka pa maukwati basi. Matayala ake anali ndi zilembo zikuluzikulu zoyera, zotumphuka m'mbali, zimene fumbi la ku Silverest silinkachedwa kuzifiiritsa. Ntchito yoziyeretsa inali ya a Mvula, ndipo ankaikonda kuposa kuthirira maluwa. Ankagwada pa thumba, kunyowetsa tayala ndi madzi ofunda, kupaka sopo wosakaniza ndi soda, n'kumakwecha ndi mswachi wakutha mpaka thovu litasanduka lofiira. Akatsukuluza n'kupukuta ndi kansanza, zilembo zinkangoti mbee.

Zala zawo zinkadziwa pokhota paliponse. Chilembo chilichonse anachipatsa dzina mumtima mwawo: china goli, china mpando, china njoka yopinda. Koma chimene zinkanena zikakhala pamodzi sankachidziwa. A Mvula sankatha kuwerenga, ndipo ankakhulupirira kuti nkhaniyi inali ya iwo ndi Mulungu wawo. Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, woyenda ndi Baibulo m'khwapa. Nyimbo ankazidziwa pamtima, ndipo wina akawapatsa pepala ankangoti, "Naiwala magalasi."

Lachisanu lina pabwalo la a Sanford panali piringupiringu, poti mawa lake mwana wawo Tamara ankakwatiwa. Azimayi anadzaza kuseri kwa nyumba, akusosola nkhuku ndi kusenda mbatatesi, ndipo pakati pawo panali a Febby, a mumpingo mwawo a Mvula, amene anaitanidwa kudzaphika. A Mvula akutsuka tayala lakumbuyo, anaona mng'alu m'mbali mwake. Anauza Tamara, Tamara n'kuimbira atate ake amene anali ku Lusaka. Posakhalitsa foni ya Tamara inalira. Poona kuti manja a a Mvula anali thovu lokhalokha, mtsikanayo anakweza mawu a foni n'kuwagwirira pafupi ndi pakamwa.

"Ba Mvula, nili mu shopu ya matayala," anatero a Sanford. "Naiwala dzina lake. Niwerengereni zija zoyera."

A Mvula anakweza dzanja kumaso. Magalasi anali pamphuno.

"Bwana, zafufutika pang'ono."

"Zafufutika bwanji, ba Mvula?" Tamara anaseka. "Si izi zikuwala ngati mano?"

Azimayi anali atasiya mipeni, akumvetsera. A Mvula anayang'ana zilembo zija, zimene anazisisita zaka zonsezi, ndipo zinangowayang'ananso. Kufoni a Sanford ankati afulumire, wogulitsa akudikira.

"Choyamba ni goli," anatero motsitsa mawu.

"Chani?"

"Goli la ng'ombe. Chachiwiri ni mpando."

Mayi wina anaphulika kuseka, poyesa nthabwala. Koma palibe amene anamuthandiza kuseka. A Febby anaweramira m'beseni la nkhuku. Tamara anawayang'ana a Mvula kamphindi, nkhope yake n'kusintha. "Adadi, lekani nijambule nikutumizireni," anatero, ndipo anajambula tayala n'kulowa m'nyumba.

A Mvula anamva ngati awavula pakati pa msika. Anatsiriza matayala otsalawo mutu uli pansi. Madzulo tayala latsopano litabwera analimanga n'kulitsuka, ndipo m'mawa, pamene anthu ankamangirira maliboni pagalimoto, iwo anali kale mu minibasi ya ku Bundabunda.

Anapeza a Tisauke akutong'ola chimanga pakhonde. Anakhala pambali pawo, nafotokoza zonse, maso ali pa zitsononkho.

"A Febby akauza mpingo wonse," anamaliza motero.

A Tisauke sanasiye kutong'ola. "Akauza ndani amene sadziwa? Atate ake a Kondani, muganiza n'chifukwa chani abusa amakupatsani pemphero, osati kuwerenga mawu? Akulu anapangana kalekale kuti asamakuvutitseni."

"Nanga inu?"

"Ine ninaona tikali pa chibwenzi. Simunanifunse, ine sininakambe."

Apa ndiye panawapweteka kuposa dzulo lija. Anakumbukira maulendo onse amene anafufuza magalasi m'matumba mwabodza, anthu akuwadikira mwaulemu, wina n'kulandira pepala mwakachetechete. Iwo ankadziyesa ochenjera, chikhalirecho mudzi wonse unkangowanyamula ngati dzira. Lamlungu sanapite kutchalitchi. Lolemba sanapite kuntchito. Ankalawirira kumunda kukadula mapesi amene sankafunika n'kudulidwa komwe, n'kumadutsa njira ya kuseri kuti asakumane ndi munthu.

Chakumapeto kwa sabata anamva kulira kwa injini imene ankaidziwa bwino. Galimoto yobiriwira inali kubwera pang'onopang'ono m'njira ya ngolo, ana a m'mudzi akuithamangira. A Sanford anatsika, napereka moni kwa a Tisauke, nakhala pa mpando umene anawapatsa. Anakamba za ukwati, za chimanga, za msewu woipa. Potsiriza anatembenukira kwa a Mvula.

"Ninayesa kutsuka matayala nekha na waya wotsukira mapoto. Nakalula chilembo chimodzi. Tiyeni, ba Mvula."

"Bwana, anthu aja ananiona."

"Anthu aja anadya, anapita. Tamara ali kwa amuna ake. Kwatsala ine na imwe."

A Mvula analowa m'nyumba, natenga chikwama chawo. Kenaka anakwera galimoto pamodzi ndi a Sanford.

Mpaka lero akugwirabe ntchito ku Silverest. Kutchalitchi anabwererako patapita milungu ingapo, a Febby atabwera okha kunyumba kudzawauza kuti mapemphero a ena akutalika kwambiri. Ukulu wa mpingo anapempha kutula, abusa anakana. Amakhala pa benchi yakumapeto, pafupi ndi khomo, ndipo mapemphero akangotha amatuluka anthu asanayambe kupatsana moni.