Tsiku limene ndinalondola kavalo wapansi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume, amene anali mlonda pa famu ina yosunga akavalo kuseri kwa komboni ya Ng'ombe. Nditamaliza sukulu n'kumangokhala pakhomo, anandiuza kuti kumeneko akufuna munthu wosesa m'makola. Kavalo ndinali ndisanamuyandikirepo, koma ndinapita.

Woyang'anira makola anali ba Tembo, bambo wamkulu wa bondo lovuta. Anandipatsa fosholo, wilibala ndi burashi, n'kundionetsa kachitsulo kokhota kochotsera timiyala m'ziboda. Anandiphunzitsa kuyandikira kavalo cham'mbali uku ndikumulankhula, osati kumudzera kumbuyo.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, lole ya udzu inalowa n'kuliza hutala geti lisanatsekedwe. Mwezi, kavalo wamkazi wamantha amene ndinali kumupesa, anadula chingwe n'kutulukira panja. Galimoto ya pafamu inali itapita kumpikisano pamodzi ndi akavalo okwereka, ndipo komwe Mwezi analowera kunali msewu waukulu wa malole. Akanagundidwa, mwinanso anthu akanafera pomwepo.

Ndinati ndiliyatse liwiro, koma ba Tembo anandigwira mkono n'kundipatsa chingwe china.

"Na liwiro sungamugwile, uja ni kavalo," anatero. "Koma mu kupya uku alema musanga kuchila iwe. Umukonkhe chabe pang'ono pang'ono, unkhale mbali ya mseu, usamulekele kupumula."

Ndinamva kuti m'kutentha kotero kavalo atopa msanga kuposa ine, choncho ndinayamba kumulondola ndikuthamanga mwapang'onopang'ono. Posakhalitsa Mwezi anazimiririka, ndinangotsala ndi fumbi ndi mapazi ake m'dothi. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa njira anandilozera komwe wadutsa, wina akuseka kuti mtsikanayu wapenga, akufuna kupikisana ndi kavalo.

Ndinamupeza ataima pansi pa mtengo wa mango, thovu lili pakhosi. Ndinazungulira kuti msewu ukhale kumbuyo kwanga. Atandiona anathawanso, koma tsopano cha kuminda. Zinachitika chomwecho mobwerezabwereza, ndipo nthawi iliyonse mtunda wothawa unkafupika. Ine jombo zinali zitanditulutsa matuza, kukhosi kuli gwa, thukuta likulowa m'maso, komabe miyendo inali kuyenda.

Pomalizira, m'munda wa mapesi, Mwezi anaima mutu uli pansi, nthiti zikukwera n'kutsika. Ndinamudzera cham'mbali ndikumutchula dzina, n'kumuveka chingwe. Sanalimbane nane. Bambo wina wa dimba anatitungira madzi pachitsime chake. Ndinamuthira pakhosi ndi m'miyendo, n'kumamumwetsa pang'ono pang'ono mpaka mpweya wake unabwerera. Kenaka ndinamwa inenso.

Tinabwerera tikuyenda, tonse otheratu. Ba Tembo anamuyang'ana ziboda, kenaka anayang'ana mapazi anga, n'kunena kuti kuyambira mawa ndiyambe kuphunzira kukwera.

Lero ndine amene ndimaphunzitsa atsopano pamakola amenewo. Ambiri amafika ali ndi changu, n'kufooka akaona anzawo a m'komboni atapita patali m'moyo. Ine ndimawauza zomwe ndinaziona ndi maso: amene wakusiya ndi liwiro sikuti wapita. Penapake adzaima kuti apume, ndipo ngati iwe sunaime, udzamupeza.