Diresi Loyera Pansi pa Chiwongolero

Fungo la girisi lero landikumbutsa pikapu yakale ya amalume, itaima pakati pa minda ya fodya ku Simlemba. Chiwongolero chinkagwedera ngati dzino la mwana. Kumbuyo anthu a m'mudzi ankang'ung'udza, makuponi ali m'manja, poti feteleza wotsika mtengo ankatha dzuwa lisanafike pamutu.

Dzanja la amalume silinkalowa pamene panamasuka bawuti. Anayang'ana manja a aliyense, maso n'kuima pa anga.

"Iwe, lowa apa."

"Achimwene, diresi lakelo n'la kutchalitchi!" anakalipa amayi.

"Mudya diresi chaka chino?"

Ndinagona chagada, sipanala m'manja, girisi akudonthera pachifuwa panga. Kenako ndinamva mawu a amayi pawindo.

"Limbitsa, mwanawe! Limbitsa!"