Mapazi Anga Pansi pa Madzi

Ndagulitsa nsomba pamsika wa Chongwe zaka zambiri, koma kufikira chilimwe chathachi ndinali ndisanaonepo nsomba ili kwawo. Zonse zinkandipeza zitafa kale, zili m'beseni, maso ali tong'o. Ndinkazipala mamba, kuzitumbula, kuziyala pathebulo, n'kumaingitsa ntchentche ndi kansalu. Nthawi zina ndikatsegula kukamwa kwa makumba ndinkapezamo mazira kapena tiana takufa, ndipo ndinkaitana anzanga a pamsika kuti adzaone mfiti yodya ana ake. Tinkaseka, n'kutaya tianato m'ndowa ya zinyalala. Wina akanandifunsa, ndikanamuuza mosaphethira kuti nsomba ndimaidziwa kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Madzi okha ndiwo sindinkafuna kuwamva. Makolo anga anachoka ku Katete kudzalima kuno ine ndili kamtsikana, ndipo dzinja lina mtsinje wa Chongwe utadzaza unatenga mlongo wanga wamng'ono. Ndinalipo pamene anamupeza akuyandama chafufumimba pabango. Kuyambira pamenepo, madzi oposa a m'ndowa sindinawapondenso. Minibasi ikafika pamlatho ndinkayang'ana m'manja mwanga mpaka titaoloka. Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene ndili naye, ndinamulera ndi lamulo losasintha: kumtsinje ayi, kudamu ayi, ngakhale pachitsime asasuzumire.

Anakula, naphunzira unamwino, napeza kanyumba ka lendi ku Silverest komwe amakwerera basi yopita kuntchito ku Lusaka. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ankabwera kwanga kudzadya nkhuku. Tsiku lina, akupukuta m'manja, anandiuza kuti walowa gulu la anthu ojambula zithunzi pansi pa madzi. Ndinaseka poganiza kuti akucheza. Iye sanaseke. Anati anaphunzira kusambira ali kusukulu ya unamwino osandiuza, ndipo tsopano Loweruka lililonse amakumana ndi anzake pafamu ina ya ku Kanakantapa, pamene pali dzenje lalikulu lomwe kale ankakumbamo miyala, lomwe linadzaza madzi ndipo mwini famuyo anaikamo nsomba. Palibe amawalipira, amangozikonda. Kumapeto kwa chilimwe amapikisana kuti aone amene wajambula bwino.

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinamuuza za ng'ona, za likodzo, za malume ake amene sanawaone. Ndinafunsa ngati pamtunda zojambula zinatha. Sabata yotsatira ndinabwereza zomwezo, inayo chimodzimodzi, mpaka ndinakamunenera kwa amayi a chigwirizano kuti akamulangize ngati namwali. Zimenezo ndiye zinamupweteka. Anasiya kubwera. Foni ankaimba ndithu, koma mwachidule, kungofunsa ngati ndadzuka bwino n'kunena kuti ali pantchito. Nkhuku ya Lamulungu inayamba kudyedwa ndi ana a aneba. Ndinkaopa kuti madzi adzandilanda mwana, koma ndinali nditayamba kumutaya ndekha pamtunda pomwe, ndipo zinkandiwawa.

Mu Okutobala, dzuwa lija lothyola khosi, anandiimbira n'kulankhula motalikirako.

"Amai, bwerani mukaone chabe. Ngati muzakamba kuti nileke, nizaleka, sinizakangana naimwe. Koma muyambe mwaona."

Ndimamudziwa mwana wanga, akalonjeza sabweza. Ndinadziwa kuti ndikangoti aleke adzalekadi, ndipo ndinadziwanso kuti akadzabwera Lamulungu adzakhala ngati mlendo, kudya mwaulemu n'kutsazika msanga. Komabe ndinanyamuka mawu oti aleke ali okonzeka pakamwa.

Ine ndi mwana wangayo tinatsika minibasi pamphambano n'kukwera kagalimoto ka mnzake wina wa m'gululo, makaniko wa mimba yaikulu. Msewu unali wafumbi lokhalokha, minda ili mbee kudikira mvula, apa ndi apo madimba a matimati. Damulo linandidzidzimutsa. Mbali zitatu zinali makoma a miyala, mbali yachinayi inali yotsetsereka pang'onopang'ono, yamchenga. Madzi ake sanali ofiira ngati a mumtsinje. Anali obiriwira pakati, koma m'mphepete ankaoneka ngati palibe madzi n'komwe.

Wapampando wa gululo, mphunzitsi wopuma wa konkuno, anandilonjera akuomba m'manja, nandipatsa mpando pansi pa mtengo. Anandifotokozera kuti amajambula dzuwa likakwera kuti kuwala kufike pansi, ndipo nyengo yabwino ndi ino mvula isanagwe, chifukwa ikangogwa madzi amada. Anati salola kunyengerera nsomba ndi buledi, salola kuzigwira, ndipo nthawi zonse munthu mmodzi amatsala pamtunda ndi chingwe ndi chubu cha tayala chopulumutsira munthu, ntchito yake kuyang'ana anzake basi. Ng'ona anati mulibe, mwini famu anatchinga ndi waya kalekale. Ndinangoti chabwino, mumtima ndikuti ng'ona siwerenga waya.

Zokonzekera zawo zinandiseketsa ndisakufuna. Aliyense anali ndi kathumba ka pulasitiki koikamo foni, ndipo asanaikemo foniyo ankayamba waikamo kapepala kofewa n'kukaviika, kuti aone ngati sikakudontha. Kenako anthu akuluakulu, ena a imvi, ena oti pa sabata amavala tayi, anayamba kulavulira malovu m'magalasi awo a m'madzi n'kumapaka ndi chala. Akuti akatero magalasiwo sachita nkhungu. Mwana wanga, namwino wathunthu amene amandidzudzula ndikapanda kusamba m'manja ndi sopo, nayenso analavulira. Anavala zipsepse zamphira kumapazi, naluma paipi yopumira, nalowa chobwerera m'mbuyo ngati bakha wosokonezeka.

Ndinaleka kuseka atagona pamadzi. Sanapite patali, koma anagona chafufumimba, manja ali tambalale, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Ndinamuyang'ana msana, ndipo sindinaonenso damu la ku Kanakantapa. Ndinaona bango lija ndi malaya a mlongo wanga. Sindikumbukira kudzuka pampando, sindikumbukira kuvula patapata. Ndinangozindikira kuzizira kwafika m'maondo, chitenje chalemera, ndili m'madzi ndikumuitana dzina lake laubwana.

Anadzutsa mutu, nachotsa paipi pakamwa, nandiyang'ana. Sanakuwe, sanathamange. Anabwera pang'onopang'ono mpaka anaima pambali panga.

"Musayende, amai, muzautsa matope. Imani pamene apo." Anavula magalasi ake, nawatsukuluza, nandipatsa. "Lavuliranimo."

Kaya n'chifukwa cha manyazi, popeza gulu lonse linkandiyang'ana, kaya n'chifukwa choti miyendo inali itakana kubwerera, ndinalavulira. Anandimanga lamba wa magalasiwo kumutu. Ndinamugwira mkono mwamphamvu moti mawa lake anali ndi zipsera za zikhadabo, ndinakoka mpweya, ndinawerama.

Choyamba chinali bata. Phokoso lonse la anthu, la mbalame, la injini yopopa madzi kudimba, linaduka ngati wina watseka chitseko. Ndinkangomva mtima wanga. Kenako kuwala. Dzuwa linkalowa m'madzi n'kugawika timizere tomwe tinkavina pamchenga osapuma, kudutsa pamiyala, kudutsa pa zala zanga zakumapazi. Ndinkaganiza kuti pansi pa madzi ndi mdima, poti kwa ine kunali kumanda. Koma kunali kowala kuposa m'nyumba mwanga masana.

Ndinadzuka, ndinapuma, ndinaweramanso popanda wondiuza. Ulendo uno ndinaona kuti mchengawo sunali wosalala. Unali ndi maenje ozungulira bwino ngati malichero, wina apa wina apo, lililonse losesedwa mwaukhondo. Pakati pa dzenje lina panali nsomba, ndipo ndinachita kuyang'anitsitsa kuti ndivomere kuti ndi makumba omwe aja ndimapala tsiku ndi tsiku. Anga amakhala otuwa. Iyi inali yakuda mowala, m'mphepete mwa zipsepse muli mofiira ngati makala a moto, ndipo ikatembenuka mtundu unkasintha. Inkatapa mchenga ndi pakamwa, kupita nawo kumphepete kwa dzenje, kuulavula, n'kubwerera kukatapa wina. Inzake ikayandikira inkaithamangitsa, n'kupitiriza ntchito yake. Zaka zonsezi ndinkagulitsa anthu okhala ndi makomo awo, osesa pabwalo, okangana malire ndi aneba, ine osadziwa.

Mwana wanga anandikanda pamkono n'kuloza chakumanzere, pafupi ndi udzu wa m'madzi. Panali nsomba ina yotuwirako, yotupa pakhosi, itangoima. Inatsegula pakamwa, ndipo munatuluka kamtambo. Ndinayesa ndi matope, koma kamtamboko kanali ndi maso. Tinali tiana, tosawerengeka, tating'ono kuposa mpunga, toonekera mkati, tonse tikuyenda pamodzi kuzungulira mutu wa mayi wawo. Ndinaiwala kuti ndili m'madzi, ndinatambasula dzanja. Chithunzithunzi cha dzanjalo chitangodutsa, nsombayo inayasamula, ndipo tiana tonse tinathamangira m'kamwa mwake mpaka kotsiriza. Inatseka.

Ndinadzuka ndikutsokomola, madzi ali m'mphuno.

"Yawadya," ndinatero. "Nimaziziba izi, ni mfiti."

"Yang'anani futi, amai. Osagwedeza kwanja."

Ndinawerama kachiwiri, kachitatu, mpweya ukundithera, msana ukuwawa. Nsombayo inangoima, pakhosi pakugunda. Ndiye pamene inaona kuti zonse zili bwino, inatsegula pakamwa, tiana tija tinatulukanso tamoyo tonse, n'kuyamba kutolatola tizakudya m'madzi ngati palibe chachitika. Ndinachita mantha amtundu wina, aja amakugwira m'tchalitchi nyimbo ikakufika pamtima. Ndinalira m'magalasi momwemo.

Titakhala pamthunzi, chitenje chikuuma pathupi, anandiuza kuti nsomba imeneyi masiku onse amene yasunga mazira ndi ana m'kamwa sidya kanthu, n'chifukwa chake imaonda. Ndinakumbukira aja ndinkawatchula mfiti, kuti analidi owonda. Anatinso tiana tikamakula timapita patali pang'ono, kenako patali ndithu, ndipo limafika tsiku loti mayiyo satsegulanso pakamwa. Ananena akuyang'ana foni yake, osati ine. Pobwerera sanandifunse chimene ndaganiza, inenso sindinanene. Mantha anga sanathere m'damu muja, ndisaname. Mawu aja anali akadali pakamwa, kungoti anali atalemera.

Mpikisano unachitika mitambo itayamba kusonkhana, m'kalasi ya sukulu ina ku Silverest. Zithunzi anazitsukitsa n'kuzipachika pachingwe ndi zopanira zovala, pansi pa chilichonse pali kapu. Aliyense wolowa, membala kapena mlendo, ankapatsidwa njere imodzi ya chimanga yoti aponye m'kapu ya chithunzi chimene chamugwira mtima. Mphoto yake inali chipsepse chimodzi champhira chomwe chinzake chinatayika, chopakidwa penti yagolide, ndipo anthu akuluakulu aja ankachiyang'ana ngati chikho cha mpira.

Ndinayenda pang'onopang'ono njere ili m'manja. Panali nkhanu itakweza zala zake, panali achule awiri, panali mizu ya mtengo yolendewera m'madzi ngati tsitsi. Makaniko uja anajambula mlamba ukutuluka kuphanga, ndevu zili patsogolo, ndipo anthu anaunjikana pamenepo akuseka kuti wafanana ndi mwini chithunzi. Ine ndinkafuna nsomba ya ana ija, poganiza kuti ndiyo mwana wanga wabweretsa.

Chithunzi chake chinali chakumapeto, ndipo munalibe nsomba yaikulu. Munali mapazi awiri a munthu wamkulu, zidendene zong'aluka, zala zitakanirira mumchenga ngati zikuopa kuti dziko lithawa. Pamwamba pake mpendero wa chitenje unkayandama, timizere ta dzuwa tili pa akakolo, ndipo kuzungulira mwendo wakumanzere kunali tiana ta nsomba tija. Ndinayamba kuzindikira chitenjecho, mapaziwo pambuyo. Sindinadziwe kuti pamene ine ndinali kuyang'ana nsomba, dzanja lake linalo linali ndi foni pansi pa madzi. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Mapazi amenewo anali asanaponde m'madzi chichokereni mlongo wanga, ndipo apa anali ataima, tinsomba tikuwazungulira osawaopa.

Chipsepse chagolide chinapita kwa makaniko. M'kapu ya mwana wanga munali njere zochepa, imodzi inali yanga. Anthu akuomba m'manja, mwana wangayo anabwera kudzaima pambali panga, tonse tikuyang'ana chithunzicho.

"Manje mwaona, amai. Nileke?"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo mawu amene ndinawasunga nthawi yonseyi sanatuluke.

"Uja wa nthambo pamtunda, uzimuuza asaziyang'ana pa foni," ndinatero. "Na pa Sondo ubwere. Nkhuku zanga zatha kudyewa na bana ba bene."

Anachotsa chithunzicho pachingwe n'kundipatsa, nati andiperekeza mpaka kunyumba. M'minibasi anakhala kuwindo, ine pambali pake, chithunzi chili pamiyendo. Titayandikira mlatho ndinamva dzanja lake likufunafuna langa, poti amadziwa chimene ndimachita pamenepo. Ndinaligwira, kenako ndinamupempha kuti asendeze mutu pang'ono. Mtsinje unali utaphwa, madzi ochepa akuyenda pakati pa miyala, bango lili m'mbali. Ndinauyang'ana mpaka tinaoloka.