Madzi Odalitsa Anagwera Wina

Njinga yamoto ija sinali yanga, ndinene zimenezi poyamba, chifukwa anthu akamandimva ndikuyikamba amayesa ndinagula ndine. Anagula ndi akulu anga, chaka chomwe thonje linawachitira bwino ku Madzimoyo. Koma kuyendetsa sankadziwa. Ngakhale yakapalasa ankayenda nayo mokhotakhota ngati aledzera. Wodziwa ndinali ine. Palibe anandiphunzitsa, ndinaphunzira ndekha pagalaja ina m'Chipata pomwe ndinkamata matayala. Abwana akapita kukadya masana, ine ndinkaba tinjinga ta makasitomala n'kukazungulira nato kuseri kwa msika.

Tsiku lina akulu anga anabwera pagalajapo n'kundikokera pambali. Anati dalaivala wina wa lole wabwera ndi chinjinga kuchokera kumwera, chili pamalire pa Mwami, ndipo agwirizana kale. Anati akufuna kuyamba kugula mtedza m'midzi, ife tizitsogola pa njinga kukapeza alimi, ngolo izibwera pambuyo.

"Ine ndagula, iwe uziyendetsa. Ntchito yako ndi imeneyo, mphwanga."

Ndinatsanzika ntchito madzulo omwewo. Abwana anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino, ine ndikungoseka.

Tinakwera minibasi Loweruka m'mawa. Pa Mwami tinachipeza kuseri kwa malole, atachifunditsa tenti. Atavundukula, ine mawu anandithera, ndipo amene amandidziwa akuuzani kuti zimenezo sizichitikachitika. Masiku ano ndimaona njinga zamitundumitundu pafoni, tsiku lonse ndimangopsotsa chala, koma nthawi imeneyo maso anga anali atazolowera tinjinga tija ta alangizi a zaulimi. Ichi chinali chakuda bii, thanki ngati mimba ya ng'ombe yabere, mapaipi awiri onyezimira, tayala lakumbuyo lonenepa ngati la galimoto. Ndinayamba kufunafuna kiki ndi phazi. Dalaivala uja anaseka n'kundionetsa kabatani pachiwongolero. Nditadina, nthaka inanjenjemera. Amayi ogulitsa nthochi anaimirira, ndipo wapolisi wina anasiya lole yomwe ankayang'ana n'kubwera kudzaona.

Akulu anga anakwera kumbuyo, anandigwira m'chiuno. Ndinasiya kilatchi pang'ono chabe, monga ndinkachitira ndi tating'ono tija. Chinalumpha. Chipewa cha akulu anga chinatsala pomwepo, sitinabwerere. Pa tala ndinaika giya yachitatu, mphepo inandikoka masaya, misozi ikuyenderera cha kumakutu. Zitunda zomwe minibasi inkakwera ikulira, ichi chinkangomeza, chisakumva n'komwe kuti tili awiri. Ndinali ndi mantha, zoona, koma ndinkafuna kuwonjezerabe. Akulu anga ankandimenya pamsana kuti ndichepetse, kwinaku akuyamba Tikuoneni Maria osamaliza. M'tauni ndinadutsa dala pagalaja paja, ndinaliza hutala, anzanga anatuluka ndi masipanala m'manja. Panjira ya fumbi yolowera ku Madzimoyo chinkafuna kundigwetsa mumchenga, cholemera ngati ngolo, koma tinamvana. Pofika pamudzi ndinkachidziwa kale kapumidwe kake.

Apa ndifotokoze kanthu. Akulu anga anali mkamwini. Ankakhala kwa akazi awo, munda wa thonje uja unali wa kuchikazi, ndipo pamudzipo wolamula anali mlongo wawo wa alamu anga, mwini mbumba. Munthu wautali, wosalankhulalankhula. Anatuluka, anazungulira njinga ija kamodzi, anagogoda thanki ndi chala n'kunena kuti zikomo potifikitsira katundu. Mawu amenewo ndinawamva, koma mutu wanga unali ukadali pa tala.

Mawa lake abambo ansembe ankabwera kudzachita Misa pa katchalitchi ka pamudzipo. Kwathuko chinthu chatsopano sichiyamba ntchito chisanadalitsidwe, kaya ndi ngolo, kaya pulawo, kaya chigayo. Ndipo sadalitsa chinthu chokha, amadalitsanso munthu amene azichigwiritsa ntchito. Wawazidwa madzi pamaso pa mpingo, ndiye mwini ntchito, palibenso zokambirana. Ine ndinadzuka m'mamawa, ndinatsuka njinga ndi sopo wa alamu, mpaka masipoko ndinapukuta. Ndinavala malaya oyera obwereka. Ndinayikankha ndi manja kukafika kutchalitchi kuti fumbi lisayidetse.

Misa itatha anthu onse anazungulira pansi pa mtengo wa mango. Abambo anayamba ndi nthabwala, ati kodi chilombochi chimadya petulo kapena anthu. Anthu anaseka. Anawaza kutsogolo, anawaza kumbuyo, kenako anafunsa kuti woyendetsa ndani, abwere pafupi.

Ine ndinali nditaponya kale phazi. Akulu anga sanandiyang'ane. Anayang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu:

"Ndi alamu angawa, abambo."

Mwini mbumba uja anabwera, anagwada, anavula chipewa. Madzi anamugwera pamutu, ena anadontha pa malaya anga chifukwa ndinali pafupi kwambiri. Amayi anayamba nthungululu. Ine phazi lija ndinalibweza pang'onopang'ono, ngati mwina palibe waona. Anaona onse.

Ndinawapeza akulu anga kuseri kwa tchalitchi. Ndinawafunsa kuti zimenezi anazidziwa liti. Anayamba zambiri, zoti thonje linamera pa nthaka ya eni ake, zoti iwo pamudzipo ndi mlendo, zoti nkhani anaikamba akuluakulu. Ndinafunsanso kuti liti. Anati sabata yatha. Ndiye kuti pomwe ankabwera pagalaja paja ankadziwa kale. Ankangofuna munthu woti achotse njinga pa Mwami.

"Ndikanakuuza ukanabwera?" anatero.

"Ndikanabwera, akulu. Koma ntchito sindikanasiya."

Kenako anandipempha kuti ndikhaleko masiku angapo ndiwaphunzitse alamu awo, chifukwa sanagwirepo njinga yamoto chibadwire. Kunjaku tinkamva anthu akuseka, munthu uja atakhala pachishalo, sakudziwa poyambira.

Ndikanatha kungochoka. Ndimafuna ndikanati ndinachoka, nkhani ikanakoma. Koma ndinaganiza za kilatchi ija, ndi ana omwe anadzaza kutsogolo kwa tayala. Ndinapita, ndinathamangitsa anawo, ndinamuonetsa buleki, giya, ndi momwe angasiyire dzanja. Inamuzimira kanayi. Kachisanu inayenda, akugwedezeka, mapazi akukokera pansi, mpingo wonse ukumuthamangira pambuyo. Palibe anatsala pa mango paja kupatula ine ndi abambo, akupinda nsalu zawo. Anandifunsa ngati ndine makaniko wa banjali. Ndinati eya.

Masiku angapo aja sindinakhale. Ndinabweza malaya kwa mwini wake, ndinayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu. Lolemba ndinafika pagalaja abwana asanatsegule. Atabwera anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anafunsa kuti chinjinga chija ndachiimika kuti. Anzanga anaseka mpaka wina anakhala pansi. Malo anga abwana anali atapatsa kale munthu wina, mphwawo wa akazi awo. Anati ngati ndikufuna ndizipopa matayala panja, pompa wa phazi ndi uyo. Ndinavula nsapato, ndinayamba kupopa.