Galimoto Yoyera Pakhomo pa Mkamwini

Ntchito yanga ndi yolumikiza anthu amene safuna kulumikizana. Mwana akapezeka ndi otizimu kuno ku Chiradzulu, vuto lobadwa nalo limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anthu, ine ndimayenera kuonetsetsa kuti achipatala, aphunzitsi, a zachisamaliro cha anthu ndi makolo ake akukokera kumodzi. Pakamwa n'zophweka. Achipatala amati n'zakusukulu, akusukulu amati n'zakuchipatala, uku mwana ali phee kunyumba, mayi ake akunyogodoledwa pamjigo. Ine ndine wa mtima wapachala, sindibisa, ndipo matebulo a m'maofesi ndawamenya mokwanira. Koma cholakwa chimene chimandisowetsa mtendere mpaka lero sanachite aulesi a m'maofesi aja ayi. Ndinachita ine ndemwe, ndikusekerera.

M'mudzi wina cha ku Mauwa munali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Sankalankhula. Ukamuitana sankacheuka, koma chigayo chikalira patali ankatseka makutu n'kuyamba kudziluma padzanja. Munthu yekhayo amene ankatha kumukhazika mtima pansi anali bambo ake. Ndinawaona koyamba pamzere wa kuchipatala, mwamuna yekha pakati pa amayi, mwana atawagwira chala. Anali mkamwini m'mudzimo, kwawo cha ku Mikolongwe, ndipo ankagulitsa tomato ndi kabichi panjinga. Ankadziwa kuti mwanayo akagwidwa paphewa amakuwa, kuti sadya ngati anthu akumuyang'ana, kuti akayamba kudziluma umangokhala pambali pake n'kumang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi mpaka asiye. Zimene ife timaphunzitsa makolo masiku atatu, iwo anazitulukira okha.

Ndinkafuna mwanayo ayambe sukulu, kwa mphunzitsi wina wodziwa kusamalira ana otere. Kuti zitheke pankafunika kuti namwino, mphunzitsiyo ndi wa zachisamaliro amuone kunyumba n'kugwirizana chimodzi. Miyezi inatha ndikuthamangitsana nawo. Uyu ali ku semina, uyu ali kumaliro, galimoto ilibe mafuta. Tsiku lina zonse zinangotheka, anthu atatu onse ndi galimoto yomwe. Ndinaimba foni kwa bambo aja mtima uli m'mwamba.

"Bambo, Lachinayi tikubwera tonse kwanuko."

"Zikomo kwambiri amayi, koma mwina mukanayamba..."

"Palibe za koma apa, bambo. Mukudziwa mmene ndavutikira kuti anthuwa ndiwapeze pamodzi? Lachinayi mutidikire."

Anati chabwino. Mkamwini sachedwa kunena kuti chabwino.

Lachinayi lija tinalowa m'mudzi ndi galimoto yoyera, fumbi koboo. Pakhonde la nyumba yoyamba panali bambo wachikulire akusema mpini. Ndinawakwezera dzanja pawindo, ife n'kudutsa. Amenewo anali atsibweni a mwanayo, alongo a mayi ake, mwinimbumba. Tinakaima pakhomo pa mkamwini penipeni, mudzi wonse ukuonerera. Tinakhala pamipando ndi bambo a mwanayo, mafunso onse kwa iwo, mayi ake ali pamkeka kumbuyo. Anasaina mafomu. Mnzanga wina anawajambula chithunzi ali ndi mwana, choti tiike mu lipoti. Pochoka tinasiya katoni ya makadi a zithunzi ndi zidole zophunzitsira. Pobwerera m'galimoto tinkayamikirana kuti lero ndiye tagwira ntchito.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ine si mlendo. Ndinabadwira ku Ndunde. Amene analamula kuti ndipite ku sekondale anali atsibweni anga, bambo anga anangomva nawo. Ndikudziwa bwinobwino kuti kwathu kuno ana ndi a mbumba, ndipo nkhani yaikulu ya mwana imayambira kwa atsibweni. Koma mafomu athu ali ndi mzere wa mayi ndi mzere wa bambo basi, ndipo zaka zonsezi ndikuwadzaza, mutu wanga unasanduka fomu. Safunsa anadya phula.

Patatha masabata awiri mayi a mwanayo anatulukira ku ofesi, mapazi ali mbuu. Anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Bambo ake awathamangitsa," anatero.

"Awathamangitsa ndani? Chifukwa chiyani?"

Anafotokoza motsitsa mawu. Kuyambira kale anthu ankanong'ona kuti mkamwini uja anamukhwimira mwana, anamuchotsa mawu kuti geni ya tomato iziyenda. Kunalibe umboni, choncho zinkathera pamjigo. Tsopano umboni tinawabweretsera ife. Galimoto yaima pakhomo pake, wasaina mapepala mwinimbumba osadziwa, mwana wajambulidwa, katoni yatsika. Anthu anati mwaona, akumudyera mwana masuku pamutu, tsopano wamugulitsa ku bungwe. Atsibweni anaitanitsa ankhoswe, nkhani inatha tsiku limodzi. Bamboyo anamanga bulangete panjinga n'kubwerera kwawo.

"Nanga mwana?"

"Sakudya. Dzanja lonse ndi bala. Ine akundikana, amayi. Ndinabereka ndine, koma akundikana."

Ndinakwiya koopsa, ndipo poyamba ndinakwiyira mudzi. Ndinati umbuli wanji umenewu! Koma nditakhala pansi ndinakumbukira "koma" uja amene ndinawadula nawo pafoni. Munthu ankafuna kundiuza kuti ndiyambe ndaonana ndi eni mbumba. Ndinachita manyazi mpaka thukuta.

M'mawa mwake ndinapita, ulendo uno pa kabaza, nditavala chitenje. Ndinagwada pabwalo pa atsibweni aja, abale angapo atakhala pambali. Ndinapepesa. Ndinati cholakwa n'changa, alamu anu sanatiitane, tinadziitana tokha, ndipo m'katoni muja mulibe ndalama, tsegulani muone.

Sanali munthu wankhanza, zimenezo ndiyenera kunena. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mayi," anatero, "mwana ameneyu atadwala mwakayakaya, anthu athamangira kwa yani? Kwa ine. Atapalamula, mlandu ubwera pakhonde pano. Inu munadutsa apa ngati mukudutsa chitsa. Ndiye lero mukuti ndikhulupirire kuti munalibe chobisa?"

Pamenepo ndikanangoti mwanena zoona, n'kupempha kuti ndibwerenso sabata yamawa, ndi yotsatirayo, mpaka mtima wawo utatsika. Ndi mmene nkhani zimayendera kumudzi, ndikudziwa. Koma m'nyumba yapafupi mwana uja anayamba kukuwa, kukuwa kosalekeza, ndipo ndinamva chitseko chikugunda. Anali atamutsekera. Mutu wanga unatentha.

"Inu mukuti ndinu mwini mwana," ndinatero mokweza, "talowani mumutonthoze tione! Mwanayu sanalodzedwe, anabadwa choncho. Munthu mmodzi yekha amene amamudziwa ndi amene mwamupirikitsa, chifukwa choti simunapatsidwe moni!"

Mayi wina anagwira pakamwa. Ndinali nditanyoza mwinimbumba pamaso pa mbumba yake, ndipo ngakhale akanafuna kubweza mawu, tsopano sakanathanso. Anaimirira pang'onopang'ono n'kusansa fumbi pa thalauza.

"Kusukulu apite, sindikuletsa. Koma munthu uja asadzapondenso pano."

Kusukulu sanapite. Mayi ake anayesa masiku anayi. Mwana ankangofika pamphambano n'kugona pansi, kudzimenyetsa mutu, mpaka kumunyamula kubwerera naye. Namwino anapita kukatsuka bala lija kawiri. Ndinatuma abusa a mpingo wawo, ndinatuma mnzanga wa zachisamaliro amene ali ndi pakamwa pozizira kuposa ine. Onse analandiridwa bwino, anapatsidwa mpando, ndipo yankho linali lomwelo. Ine ndinauzidwa kuti ndisavutikenso kupitako.

Mvula itayamba, bambo aja anabwera ku ofesi. Anali ataonda. Anaimika njinga panja, yopanda dengu, n'kulowa chipewa chili m'manja. Ndinayamba kupepesa koma anandiletsa.

"Zinachitika basi, amayi. Ine ndabwera ndi pempho. Mundilembere kalata, ya chidindo cha ofesi. Mulembe kuti matenda a mwana wanga ndi obadwa nawo. Mulembe kuti ine sindinamukhwimire."

"Bambo," ndinatero, "ndinene zoona. Pepala lochokera kwa ife ndi limene linakuthamangitsani. Mukapita nalo kwa alamu anu, adzati mwaona, bungwe lake likumuikira kumbuyo. Silikuthandizani."

"Si la iwowo ayi," anayankha. "N'la mwanayo. Kumene aliko azikula akumva kuti bambo ake ndi amene anamuchita zimenezi. Amamva, amayi, anthu amayesa samva. Munati ana otere ena amadzaphunzira kuwerenga. Mwina tsiku lina."

Ndinalemba. Ndinalakwitsa kawiri n'kuyambiranso. Ndinadinda chidindo. Iwo anaipinda bwinobwino, anaikulunga m'kajumbo ka shuga kuti isanyowe, n'kundipatsanso ine ndi manja awiri.

"Musunge ndinu," anatero. "Ine sindiloledwa kumufikira."